Mafunso a Owerenga: Kodi Filimu ya Barbie Ikunyoza Amuna?

FUNSO

Akonzi, ine ndine kalipentala ndipo ndimakhala ku Kapata mu Chipata. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anaonera filimu ya Barbie kwa azakhali ake nthawi ya tchuthi, ndipo chibwerereni wayamba kunena kuti si chilungamo kuti iye azitsuka mbale ndi kutunga madzi pamene alongo ake awiri ali ku mpira. Nditaionera ndekha ndinapeza kuti amuna onse a m'menemo ndi zitsiru, ndiponso imayamba ndi tiatsikana tikuphwanya zidole za makanda ngati kuti kulera mwana n'chinthu chochititsa manyazi. Mayi a kunyumba akuti ndikukulitsa nkhani. Kodi ndilakwa ndikamuletsa mafilimu otere?

Bambo wa ana atatu, Kapata

YANKHO

Bambo, mwachita bwino kuionera nokha musanaiweruze, pakuti ambiri amene amaitsutsa kapena kuitamanda anangomva za m'maluwa. Kuti amene sanaione atitsatire, filimuyi inatuluka pa 21 Julaye 2023, anaitsogolera ndi Greta Gerwig, ndipo Margot Robbie ndi Ryan Gosling ndiwo akusewera ngati Barbie ndi Ken. Nkhani yake ikuyambira ku Barbieland, dziko la zidole kumene akazi ambiri amatchedwa Barbie ndipo amuna amatchedwa Ken, ndiponso kumene pulezidenti, oweruza a khoti lalikulu, madokotala ngakhalenso ogwira ntchito yomanga onse ndi akazi, pamene a Ken amangoswera kugombe la nyanja kudikira kuti Barbie awaponyere diso. Awiriwa atafika kudziko la anthu, ku Los Angeles, Barbie akukumana ndi amuna omuyang'ana mwachipongwe, koma Ken akuona kwa nthawi yoyamba kuti mwamuna amapatsidwa ulemu chifukwa chongokhala mwamuna. Iye akubwerera kwawo ndi nzeru imeneyi, akulanda nyumba ya Barbie, ndipo akazi amene anali oweruza ayamba kuperekera mowa kwa amuna.

Kaya ndinu Mchewa, Mngoni kapena Mnsenga, moyo wa mkamwini mukuudziwa. Iye amalima munda umene si wake, ana amene wabereka amawerengedwa kumbumba ya akazi ake, pa milandu ya pamudzi amakhala chakumbuyo, ndipo akalankhula kwambiri amakumbutsidwa kuti mkamwini asamakule mwendo. Umu ndi mmene Ken alili kumayambiriro kwa filimu. Barbie aliyense ali ndi nyumba yake, koma Barbie woseweredwa ndi Margot Robbie uja atafunsidwa kumene a Ken amagona, akuyankha kuti sadziwa, ndipo zikuonekeratu kuti sanaganizirepo n'komwe. Olemba nkhaniyi anaika mwamuna pamalo amenewo dala, kuti mwamuna woonera alawe pang'ono zimene akazi ambiri amamva akakhala m'nyumba, mu ofesi kapena mumpingo mmene dzina lawo limangotchulidwa pambuyo pa la wina. Chakumapeto a Ken akupempha mpando umodzi m'khoti lalikulu koma akupatsidwa maudindo aang'ono okha, ndipo wofotokoza nkhani akunena kuti mwina tsiku lina adzakhala ndi mphamvu zofanana ndi zimene akazi ali nazo m'dziko la anthu. Nthabwala imeneyi ikubaya dziko lathu lino, ndipo ngati inakuwawani, ndiye kuti yagwira ntchito imene anailembera.

Tisanamizane kuti kwathu kuno akazi analamulira kale chifukwa choti mtundu umatsata kwa mayi. Ufumu wa Kalonga Gawa Undi umadzera mwa Nyangu, koma wokhala pampando ku Mkaika ndi mwamuna, ndipo pamudzi wachichewa mwini mbumba amene amagamula za ukwati, za maliro ndi za munda kawirikawiri ndi malume. Mafumu aakazi alipo, monga a Kawaza ndi a Nyanje, koma ndi owerengeka powayerekeza ndi aamuna. Choncho ngakhale kumene mkamwini ali mlendo, mawu omaliza amachokerabe kwa mwamuna wina.

Pali mbali imene ndikugwirizana nanu. Filimuyi ilibe mwamuna wamkulu wanzeru zokhazikika amene mnyamata angamuone n'kunena kuti ndikufuna kudzakhala ngati ameneyu. Akuluakulu a Mattel, kampani yopanga zidole za Barbie, akuonetsedwa ngati gulu la amuna othamangathamanga opanda mutu, ndipo mwamuna wa Gloria, mayi amene akuthandiza Barbie, amangooneka kamphindi akuvutika kuphunzira Chisipanishi. Njira imene akazi akubwezera nayo ulamuliro wawo nayonso si yoti n'kuphunzitsa mwana, chifukwa akunyengerera a Ken ndi chikondi chabodza, kuwachititsa nsanje mpaka kumenyana okhaokha, kuti aiwale tsiku lovotera ulamuliro wa amuna ku Barbieland. Kumeneku ndi kufooka kwa nkhaniyo ndipo mukhoza kumuuza mwana wanu mosabisa. Komabe musaiwale kuti pamapeto Barbie akupepesa kwa Ken chifukwa chomutenga ngati chinthu wamba, n'kumuuza kuti afufuze chimene iye ali payekha popanda kudalira kuyang'anidwa ndi mkazi. Filimu yodana ndi amuna sikanadzivutitsa ndi kupepesa kumeneko.

Za kuphwanya zidole za makanda, chiyambi chake n'chakuti Ruth Handler, mmodzi wa oyambitsa Mattel, anaona mwana wake Barbara akuseweretsa zidole za mapepala n'kumazipatsa ntchito za anthu akuluakulu, pa nthawi imene zidole zambiri za m'masitolo zinali makanda oti mtsikana aziwalera. Barbie anaonetsedwa koyamba pa chionetsero cha zidole ku New York pa 9 Marichi 1959, ndipo Ken anabwera mu 1961. Chithunzi chophwanya zidolecho n'chokokomeza, koma chimene chikunena n'chakuti mtsikana akhoza kulotanso zina kuwonjezera pa kubereka. Taonani masanje a kwathu: mtsikana wabereka chitsononkho kumbuyo ndi kansalu, akuphika dothi m'chitini, pamene mlongo wake akuyendetsa galimoto ya mawaya n'kumadzitcha dalaivala wopita ku Lusaka. Palibe choipa pa kubereka chitsononkho, koma si kawirikawiri pamene timamufunsa mtsikanayo ngati nayenso akufuna kugwira chiwongolero. Ndiponso mtima wa filimu yonseyi ndi ubale wa Gloria ndi mwana wake Sasha, amene anali atatalikirana ndipo akugwirizananso, kotero kuti umayi sukunyozedwa monga mmene mphindi zoyambazo zikuonekera.

Tsopano za mbale. Ine sindikhulupirira kuti funso la mwana wanu linabadwira m'filimu, chifukwa mtsikana amene amabwera kusukulu nthawi imodzi ndi alongo ake, iye n'kulunjika kumpopi iwo n'kulunjika kubwalo, amakhala ataona kale kusiyanako ngakhale asanapeze mawu okunenera. Mukamuletsa kuonera, funsolo likhalapobe, kungoti adzasiya kukufunsani inuyo. Ngati analankhula mwamwano, mudzudzuleni pa mwanowo, pakuti ulemu kwa makolo sunathe ntchito, koma zimene ananenazo muziyankhe pazokha. Khalani pansi ndi amayi ake, muwerenge maola amene mwana aliyense amatsala nawo owerengera mabuku ntchito zapakhomo zikatha, ndipo mukapeza kuti mtsikana ndiye amatsegula kope thupi litatopa kale, gawani ntchitozo mwatsopano. Anyamatawo simuwalanga potero, chifukwa tsiku limene adzapite kukoleji kapena kukagwira ntchito ku Kitwe adzafunika kudziwa kuvundula nsima ndi kuchapa malaya awo.

FUNSO

Ndine mphunzitsi wamkazi ku Katete. Anzanga ena amanena kuti filimuyi ndi chipambano chachikulu cha amayi, koma ine ndimaona kuti ndi malonda a zidole chabe. Kodi chidole cha chiuno chonga cha mavu, chimene chakhala chikuchititsa atsikana kudana ndi matupi awo, chingatiphunzitse bwanji za ufulu wa amayi?

Mphunzitsi, Katete

YANKHO

Aphunzitsi, kukayika kwanu kuli ndi maziko. Mattel, kampani yopanga Barbie, inali nawo pa ntchito yokonza filimuyi pamodzi ndi kampani ya mafilimu ya Warner Bros., ndipo filimuyo inapeza ndalama zoposa madola 1.4 biliyoni, kuposa ina iliyonse ya mu 2023. Luso lake lagona pakuti madandaulo anu omwewa anawaika m'kamwa mwa Sasha, amene akumuuza Barbie pamaso kuti wakhala akuchititsa akazi kudziona operewera ndiponso kulimbikitsa mtima wongogulagula. Kampani ikalola kunyozedwa m'filimu yake yomwe, woonera amatuluka akuiona ngati yoona mtima, ndipo chidzudzulo chija chimasanduka njira ina yotsatsira katundu.

Mbiri ya chidolechi yakhala ya nkhope ziwiri kuyambira kale. Mu 1965 kunatuluka Barbie wovala ngati woyenda mumlengalenga, zaka zinayi munthu asanaponde pamwezi, koma m'chaka chomwecho kunalinso Barbie wina wogulitsidwa ndi kasikelo kosonyeza mapaundi 110, amene ndi pafupifupi makilogalamu 50, pamodzi ndi kabuku kolangiza kuti wofuna kuonda asadye. Mu 1992 Barbie wolankhula anadandaula kuti masamu ndi ovuta, ndipo kampani inachotsa mawuwo aphunzitsi ndi magulu a amayi atakwiya. Barbie wakuda wodziwika ndi dzina lenilenilo anabwera mu 1980, ndipo matupi osiyanasiyana, onenepako, aatali ndi aafupi, anayamba mu 2016, patapita zaka 57. Kwa ife nkhani ya khungu ndiyo yopweteka kwambiri, chifukwa aliyense amene wayendapo mumsika waona mafuta oyeretsa khungu atandandalikidwa pa tebulo ndi atsikana akuwagula mobisa. Chidole sindicho chinayambitsa zimenezi, koma chili m'gulu la zithunzi zimene zakhala zikuuza mwana wakuda kuti kukongola kumakhala kwina. Filimuyi ili ndi pulezidenti wakuda, amene akuseweredwa ndi Issa Rae, komabe amene ali pakati pa nkhani ndi pa zikwangwani ndi mzungu wochepa thupi wa tsitsi loyera.

Ngakhale zili choncho, sindingavomere kuti mulibe kanthu. Pali pamene Gloria, woseweredwa ndi America Ferrera, akufotokoza mmene mkazi amayembekezeredwa kukhala zinthu zotsutsana pa nthawi imodzi: akhale ndi ndalama koma asazipemphe, atsogolere koma asaoneke wolamula, akonde ana koma asamangokamba za iwo, ndipo zikalakwika mlandu ukhale wake. Mayi wogulitsa tomato pa Saturday Market, amene amanenedwa kuti ndi waulesi akakhala pakhomo ndiponso kuti ndi woyendayenda akapita kukapikula katundu ku Mwami, sangafunike womumasulira mfundo imeneyi. Chimene mawuwo sakufikapo ndi mavuto amene inu mumakumana nawo m'kalasi, monga mtsikana amene wasowa pakati pa teremu chifukwa cha mimba kapena ukwati, kapena mayi wamasiye amene walandidwa katundu ndi achibale a mwamuna. Pa zimenezi chimene chathandiza m'Zambia ndi malamulo ndi anthu owakakamira: ndondomeko ya 1997 yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka, lamulo la 2011 lolimbana ndi nkhanza za jenda, la 2015 la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndi kusintha kwa lamulo la maukwati mu 2023 kumene kunaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ngakhale pamwambo. Ngati mukufuna kuonetsa ophunzira anu mkazi wa paudindo, simusowa chidole, pakuti alipo a Inonge Wina amene anakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2015, malemu Irene Mambilima amene anatsogolera makhoti kuyambira chaka chomwecho, ndi a Nelly Mutti amene anakhala sipikala mu 2021.

Anzanuwo mwina adzakukumbutsani kuti Greta Gerwig anakhala mkazi woyamba kutsogolera yekha filimu yodutsa madola biliyoni imodzi, ndiponso kuti pa mphoto za Oscar za 2024 iye sanaikidwe m'gulu la otsogolera mafilimu opikisana pamene Ryan Gosling anaikidwa m'gulu la osewera. Zonsezi n'zoona, ngakhale kuti Gerwig anapikisana nawo pa kalembedwe ka nkhani ndipo Ferrera nayenso anasankhidwa. Kumeneko ndi kupambana kwa akazi a ku Hollywood pa ntchito yawo, ndipo n'koyenera kukuyamikira pa mlingo umenewo. M'kalasi mwanu filimuyi ingagwire ntchito ngati poyambira mtsutso, makamaka mukafunsa ophunzira kuti atchule zimene Gloria akanawonjezera akanakhala kuti anakulira ku Katete.

FUNSO

Mdzukulu wanga wa zaka 6 amakonda zidole za Barbie zimene ndimamugulira pa salaula. Kodi ndingamuonetse filimuyi?

Agogo, Chadiza

YANKHO

Agogo, ndikadakhala inu ndikadadikira. Ku America filimuyi inaikidwa m'gulu la PG-13, kutanthauza kuti makolo achenjere nayo kwa ana osakwana zaka 13. Muli nthabwala zokhudza ziwalo zobisika, Barbie akuvutika ndi maganizo a imfa, ndipo nkhani ikuthera pamene iye wasanduka munthu n'kupita kukaonana ndi dokotala wa matenda a amayi. Chingerezi chake n'chothamanga ndipo nthabwala zambiri n'za akuluakulu, kotero kuti mwana wa zaka 6 adzangosangalala ndi mitundu ndi magule, kenaka n'kuyamba kukufunsani mafunso amene ndi a anamkungwi. Alipo makatuni a Barbie opangidwira ana aang'ono, ndipo amenewo ndiwo angamuyenere pakali pano.