Siteringi samafa, koma kodi ndi Chichewa?

Sabata ino mafunso ambiri abwera a za mafilimu, kaya ndi mvulayi yakutsekerani m'nyumba kaya. Ndatolapo anayi, enanu mudikire kaye.

Loyamba lachokera kwa achimwene ena a ku Ndirande. Akuti: "Akulu, pa gulu lathu la WhatsApp timasanja akatswiri a mafilimu a nkhonya, ndiye ine ndinalemba kuti Van Damme ndi siteringi woposa Chuck Norris. Mnzathu wina wandidzudzula kuti siteringi si Chichewa, ndizilemba kuti ngwazi. Zoona zimenezi?"

Achimwene, mnzanuyo mukamupatse moni wanga koma mukamuuzenso kuti apa waphonya. Mawuwa gwero lake ndi lachizungu inde, ndi aja amalembedwa koyambirira kwa filimu akuti starring, kenako n'kubwera dzina la munthu. Ife tili ana ku vidiyo sho, titapanikizana pa benchi, jenereta ikulira kuseri kwa mpanda, chizungu chathu chinali cha sitandade 4, nde chomwe tinkadziwa n'choti mawu amenewa akangodutsa dzina lotsatiralo ndi la mkulu amene akunthe anthu onse mpaka filimu kutha. Basi tinangoti ameneyo ndiye siteringi. Ndipo taonani mmene pakamwa pathu panawaphikira. Chichewa sichilola s kutsogoza t popanda lembo la liwu pakati, n'chifukwa chake timati sitolo, sitima, sitampa, siteji. Sichilolanso mawu kuthera m'malere opanda lembo la liwu kumapeto, nde tinaikako i. Mawu oti adutsa m'zonsezi inu mukuti akadali a eni ake?

Koma chimene chimandisangalatsa ine kwambiri si katchulidwe ayi, ndi tanthauzo. Kwa azungu starring ndi nkhani ya malonda, akukuuzani dzina la munthu wotchuka amene ali mufilimumo kuti mulipire pakhomo, kaya akusewera ngati munthu wabwino kaya chigawenga zilibe kanthu. Kwathu kuno siteringi si wosewerayo, ndi udindo wake m'nkhanimo, ndi amene ife oonera tili kumbali yake. Chitsanzo ndi Arnold Schwarzenegger. Mu The Terminator ya 1984 dzina lake ndi limene lili pamwamba pa chikuto koma iye ndi chimakina chongopha anthu, nde kafunseni aliyense anakulira ku vidiyo sho akuuzani kuti umo sanali siteringi. Anadzakhala siteringi mu yachiwiri ya 1991 atasanduka woteteza kamnyamata kaja. Munthu yemweyo, nkhope yomweyo, chizungu chikuti starring konsekonse, Chichewa chikusiyanitsa. Ndiye wina aziti tinangobwereka? Tinabwereka mphika, ndiwo taphikamo zathu.

Mawuwa afika mpaka pobereka. Timati masiteringi, ena amati asiteringi, timati mfana uja amadzimva usiteringi, ndipo tili ndi mwambi wathunthu woti siteringi samafa umene ndinaumvapo ukunenedwa ku mpira timu itabweza zigoli ziwiri kumapeto, ndinaumvanso kwa kondakitala wina minibasi itaphulika tayala ife n'kutuluka amoyo. Mwambi umenewu anthu ankaukhulupirira zenizeni. Titanic, ija ya 1997, itafika pa tepi ku sho ya kwathu, anthu anapirira maola atatu a nkhani yachikondi, kenako mnyamata uja n'kumira m'madzi ozizira. Kunali chiphokoso, ena kufuna ndalama zawo, akuti mwini sho wadula filimu, sizingatheke siteringi kufa chonchi ngati nkhuku.

Tsono za ngwazi. Mawu abwino, akale, a munthu amene wachita chamuna pa nkhondo kapena pa ulenje. Koma ndi olemera, ndipo kwa ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu, kuyambira 1964 mpaka 1994, Ngwazi inali imodzi basi. Mukanayerekeza kuima pa msika masiku amenewo n'kunena kuti Chuck Norris ndi ngwazi, apayoniya akanakutengerani pambali kuti mufotokoze bwino. Mpaka lero ine ndikamva ngwazi khutu limayembekeza nyimbo za mbumba, osati munthu wovula malaya akumenya makofi. Ngati mukulemba mayeso a Chichewa lembani mtengambali wamkulu kapena mpangankhani wamkulu, aphunzitsi akuchongerani. Pa WhatsApp lembani siteringi mtima uli m'malo. Ndipo onani kuti mawuwa sasankha mwamuna kapena mkazi, Cynthia Rothrock tinkangoti siteringi wamkazi, nkhani yatha.

Kalembedwe kokha ndiye ndikupemphani, ndimaona ena akulemba stering, ena sterling ngati ndalama ya ku Britain, ena sitelingi. Lamulo limene tinaphunzira kusukulu, lochokera m'malamulo a kalembedwe a Chichewa Board, limati pambuyo pa e ndi i timalemba r, kwinako l. Nde ndi siteringi. Ndikudziwa wina afunsa kuti nanga bwanji sitilemba firimu, nanga wailesi bwanji ili ndi l pambuyo pa i. Eya, mawu obwereka ena anazolowereka kale mwanjira yawo lamulo likuyang'ana kumbali, ndipo sindikukakamizani kulemba firimu, ndinayesapo kamodzi ndekha zinkaoneka ngati dzina la mankhwala a chifuwa.

Funso lachiwiri ndi limene landiwawitsa mutu, lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Johannesburg. Akuti anaona pa Facebook wina atalemba kuti "filimu yabwino kwambiri ya nthawi zonse" ndipo penapake pakuwavuta koma sakudziwa kuti ndi pati.

Mayi, khutu lanu lili bwinobwino, musapite nalo kuchipatala. Chiganizo chimenecho mawu ake onse mungawapeze mu dikishonale ya Chichewa koma mafupa ake ndi achizungu, munthu wangotenga of all time n'kuiveka chitenje. Pa Chichewa chinthu cha nthawi zonse ndi chinthu wamba, chozolowereka. Ndiwo za nthawi zonse ndi masamba ndi nyemba, malaya a nthawi zonse ndi aja opita nawo kudimba. Nde munthu akufuna kutamanda filimu kuti palibe inzake, mapeto ake waitcha ya masiku onse ngati bonya. Izi ndiye zimandinyansa ine kuposa mawu obwereka, chifukwa siteringi amaonekeratu kuti ndi mlendo amene tamulandira, pomwe izi ndi mlendo wolowera pawindo atavala zovala za mwini nyumba.

Chonsecho Chichewa chili ndi njira yake yokoma zedi, ija ya chi- koyambirira ndi -ire kumapeto. Chiyambire. Chibadwire. Chifikire. Chiyambire mafilimu sikunaonekenso ina ngati iyi. Chibadwire changa sindinaonepo munthu womenya ngati uyu. Agogo anga ankati chikhalire pamudzi pano sindinaone dzombe lotere, ndipo palibe amene ankafunsa kuti akutanthauza chani. Kamangidwe kameneka kakutha, achinyamata sakukagwiritsa ntchito, ndipo ndikamva wowulutsa mawu pa wailesi akuti "kwa nthawi yoyamba mu mbiri ya" ndimangotseka.

Pokhala mwandiyambitsa, tiyeni tikambe za kusanja kumene. Chizungu chimasintha mawu ofotokozerawo, good n'kukhala better n'kukhala best. Ife sititero. Ife timasanja ndi mneni, kuposa kapena kupambana, ngati kuti zinthuzo zikuthamanga mpikisano. Iyi ikuposa iyo. Iyi ndi yoposa zonse. Jackie Chan amaseketsa kuposa Jet Li koma Jet Li amamupambana liwiro la manja, mutsutse ngati mukufuna. Vuto la masiku ano ndi loti aliyense wakakamira pa kwambiri, yabwino kwambiri, yoopsa kwambiri, kwambiri kwambiri, mpaka mawuwa atha mchere. Kwambiri sasanja kanthu, mafilimu khumi onse akhoza kukhala abwino kwambiri nthawi imodzi. Mukafuna kunena kuti ili pamwamba nenani kuti yoposa zonse kapena yabwino koposa. Ndipo tili ndi ka -ko kaja kamene chizungu chingasirire. Yabwinoko. Munthu akakuuzani kuti yachiwiriyi ndi yabwinoko, wakuuzani zinthu ziwiri pakamodzi, kuti ikuposa yoyamba komanso kuti musayembekezere zambiri. Makwerero ake alipo okwanira, yobowa, yoonerekako, yabwinoko, yabwino, yobeba, nyatwa, mbambande, nde nyenyezi zisanu zija azungu amayezera ubwino wa filimu mukuzifuniranji? Kubowa nako ndi kobwereka, kunachokera ku bore, sikukhudzana ndi bowa wa m'tchire olo pang'ono, koma ndakulandira chifukwa kutopetsa sikufika pamene kubowa kumafika.

Nyenyezi ndatchulazi zandikumbutsa. Ndayamba kuona "nyenyezi ya mafilimu a ku Nigeria yamwalira", anatero ena John Okafor uja tinkamudziwa kuti Mr Ibu atatisiya mu 2024. Nyenyezi kwathu ili kumwamba, ndipo nthanda ndiyo timaitchula m'nyimbo. Munthu waluso ndi katswiri, katakwe, namandwa, kadaulo, achinyamata amati dolo kapena shasha. Mawu asanu ndi limodzi onsewa kuwasiya n'kukatola nyenyezi, abale.

Top ten ndiye sindilimbana nayo kwambiri. Khumi otsogola kapena khumi opambana zikumveka bwino, lembani choncho. Koma mkati mwa mndandandamo mukafika pa 7 ndi 8 palibe amene alembe kuti yachisanu ndi chiwiri, yachisanu ndi chitatu pa foni batire ikutha, anthu azingoti nambala seveni ndipo ine ndilibe nazo mlandu. Nambala wani ndiye ndi wakale kuposa ambiri a inu, Kamuzu yemwe uja ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani.

Lachitatu ndi lalifupi, mphunzitsi wina wa ku Dedza akufunsa kuti cholondola n'chiti, kanema wabwino, kanema yabwino kapena kanema kabwino.

Aphunzitsi, ndi kanema wabwino, kanemayu, ambiri makanema. Ka- ali koyambirirayo si ka- wochepetsa uja wa kamwana ndi kambuzi, ndi mbali ya mawuwo basi, anachokera ku cinema. Ine ndimakhulupirira kuti tinawamva kwa azungu akale aja amene ankatchula ndi k, poti ku Britain kalembedwe ka kinema kanaliko ndithu, kuchokera ku Chigiriki komwe amatanthauza kuyenda kapena kugwedezeka. Akanakhala ka- wochepetsa bwenzi ambiri tikuti tinema, ndipo ndikanakonda zikanatero chifukwa tinema ta pa TikTok ndi dzina lowayenera. Zili ngati kalulu, timati kalulu wochenjera osati kochenjera, ndipo wamng'ono ndi kakalulu, chimodzimodzi kakanema. Oti kanema yabwino akutengera filimu, imene ili m'gulu la nyumba ndi mbuzi, filimu iyi, filimu yabwino. Ndimawamva, sindiwamenya, koma m'kalasi mwanu musawachongere. Mawuwa anadzalemedwa katundu TVM (Television Malawi) itatsegulidwa mu 1999, pamene kanema anakhala bokosi la pabalaza, nyumba youlutsira, komanso filimu imene, zonse dzina limodzi. Agogo ena amene anakagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni sankanena zonsezi, iwo ankati bayisikopo mpaka kumwalira kwawo.

Lomaliza, wina akufuna mayina a Chichewa a mitundu ya mafilimu, akuti action, horror, comedy ndi ina. Musavutike kupeka, anyamata olemba pa bolodi ndi choko kunja kwa vidiyo sho anamaliza kale ntchitoyi. Ya nkhonya, ya karate, ya nkhondo, ya mfuti, yoopsa, yoseketsa, yachikondi, ya zidole. Onani kuti action imodzi ife tinaigawa panayi chifukwa munthu wolipira ndalama yake amafuna adziwiretu ngati mukhale zibakera kapena zipolopolo. Kwinako timatchula dziko, yachimwenye ndiye kuti muli nyimbo ndi kuvina ndipo mutenge kamba, yachinaijeriya ndiye kuti muli apongozi ankhanza ndi sing'anga, yachitchaina ndiye anthu aziuluka. Masizoni ndawalola ngakhale amandiseketsa, poti munthu amati ndikuonera sizoni osatchula kuti ya chani. Ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa aja, amene amatha kusandutsa New York kukhala Limbe, nkhani yawo ndi ya tsiku lina, ndili nawo mawu ambiri, otamanda ndi odandaula omwe.

Achimwene a ku Ndirande, ndabwereranso kwa inu. Chichewa chanu chinali cholondola koma kusanja kwanuko ndiye kaya, mukukangana za wachiwiri ndi wachitatu woyamba mwamusiya kuti? Mu 1972 Bruce Lee anakumana ndi Chuck Norris mu filimu ija amamenyana ku Colosseum ku Rome, mpaka kumuzula ubweya wa pachifuwa. Norris anamenya bwino ndithu, koma anafera pomwepo, poti tsiku limenelo sanali siteringi.