Mafunso ndi Mayankho: Thiraka yanga ya GPS yabwerera ku 2006

FUNSO: Akulu, ndili ndi kalole kamene kamanyamula simenti ndi matabwa kuchokera ku Limbe kupita ku Lunzu ndi Chileka, ndinaikamo thiraka ya GPS kalekale kuti ndiziona komwe dalaivala ali. Sabata yatha malipoti onse angoyamba kubwera ndi deti ya 2006, malo ikuonetsa olondola ndithu koma detiyo basi. Makaniko wina anati ndi batire, ndasintha, palibe chasintha. Kodi dalaivala waigwiragwira kuti andibere matiripi?
Wowerenga wa ku Chilomoni

YANKHO: Achimwene chonde dalaivalayo musamukalipire, ameneyo alibe mlandu, ndipo za batire zija ndalama yangopita.

Nkhani ili chonchi. Masetilaiti a GPS satumiza deti ngati ya pa kalendala ayi, amangowerenga masabata kuyambira pa 6 January 1980, ndiye malo amene anasiyira nambalayo ndi ochepa, amangokwana masabata 1,024, zaka pafupifupi 20, ikadzadza imayambiranso pa ziro ngati mmene imachitira mita ya makilomita pa dashibodi ikafika kumapeto. Zinachitika mu August 1999, zinachitikanso pa 6 April 2019, ndipo zidzabweranso mu November 2038.

Mwina mukuti nanga bwanji yanga yayamba pano osati 2019? Opanga ambiri anachenjera pang'ono, anauza kachipangizoko kuti kaziwerenga masabata 1,024 kuyambira nthawi imene pulogalamu yake inalembedwa, ndiye kalikonse kali ndi tsiku lake. Magalimoto ena a Honda zinawagwera mu January 2022, mawotchi anabwerera ku 2002.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi malipotiwo. Lole itati yabedwa kapena yachita ngozi, a inshuransi kapena apolisi n'kupempha umboni wa komwe inali tsiku limenelo, inu n'kutulutsa pepala lolembedwa 2006, mudzavutika kulongosola.

Ndiye pitani kwa amene anakuikirani, afufuze ngati pali firmware yatsopano (pulogalamu ya m'kati mwa thirakayo) ya modelo imeneyo. Ngati opanga anasiya kuisamala gulani ina basi, ndipo pogula funsani chaka chimene inapangidwa, musatenge imene yakhalitsa pa shelefu chifukwa masabata ake anayamba kale kutha isanatuluke m'katoni.