Amayi oyendayenda akakana kuyankha mafunso a kafukufuku

Mtsikana wina wandilembera imelo kuti wapeza ganyu yofunsa amayi oyendayenda ku Nchalo za kapewedwe ka HIV, koma akangotulutsa fomu yake onse amati atanganidwa. Akuti atani?

Achemwali, funso lanu landifika pamtima chifukwa ntchito imeneyi ndinaigwirapo ku Bangula. Tinkafika pagalimoto yolembedwa dzina la bungwe, dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene amayiwo amagona atachezera usiku wonse. Msika wonse unkaona chipinda chimene talowa. Mayi wina anandiuza mosapsatira kuti: "Mwana wanga, mumabwera chaka ndi chaka kudzatiwerenga, koma zimene munapeza sitinazimvepo. Galimoto yanuyi ikachoka, makasitomala amati ndikudwala." Ndalama ya chipinda amalipira tsiku lililonse, kaya wapeza munthu kaya sanapeze. Ife tinkamudyera nthawi, n'kumuthawitsira anthu, n'kumapita.

Choncho musaganize kuti ndi mwano. Amayiwa amakumbukira. Mu 2009 ku Mwanza apolisi anagwira amayi ena, kuwayezetsa magazi mowakakamiza, zotsatira zake n'kuzilengeza m'khoti anthu onse akumva. Zinatenga mpaka 2015 kuti Khoti Lalikulu ligamule kuti kumeneko kunali kuphwanya ufulu wawo. Mu 2016 khoti ku Zomba linanenanso kuti gawo 146 la malamulo a milandu, loletsa kudyera ndalama zochokera ku uhule, linaikidwa kuti liteteze amayiwa kwa anthu owadyera masuku pamutu, osati kuwamangira iwowo. Munthu amene anzake anaona zoterezi, mukamufika ndi pepala lofuna dzina ndi magazi, ayamba waganiza kawiri.

Ndipo mafomu ambiri amandikwiyitsa. Amafunsa kuti kodi munagwiritsa ntchito kondomu ulendo womaliza, inde kapena ayi. Safunsa za bambo amene amawonjezera ndalama kuti kondomu ichoke, amvekere switi sadyera m'pepala, kapena amene amamenya akakanidwa. Safunsanso za maulendo. Nyengo yodula nzimbe mayi ali ku Nchalo, thonje likamagulidwa ali ku Ngabu, mwezi wina ali ku Marka kumalire ndi Mozambique. Ma ARV kapena PrEP (mankhwala amene munthu wopanda HIV amalandira kuti asatenge kachilomboka) akalandira kuti, buku lake lili kuchipatala china? Namondwe Freddy atasesa chigwa chino cha Shire mu Malichi 2023, anthu anathawira m'misasa, mabuku akuchipatala ndi mankhwala zitapita ndi madzi. Mayi amene sakufuna kuti msasa wonse umudziwe akanafunsa ndani? Kwa ine, kafukufuku amene mafunso ake analembedwa amayiwo palibe ndi wosakwanira, ngakhale atasindikizidwa bwino chotani.

Nanga mutani mawa?

Fomu isiyeni kaye m'chikwama. Pezani mayi amene anzake amamumvera, amene amagawa makondomu pakati pawo, ndipo iye ndiye asankhe malo ndi nthawi. Pitani wapansi. Auzeni m'Chisena kapena m'Chichewa, chimene iwo afuna, kuti kukana n'kololedwa ndipo dzina lawo silituluka. Mudziwe chipatala chimene angapeze PEP (mankhwala amwadzidzidzi oteteza kuti munthu asatenge HIV) pasanathe maola 72 kondomu ikaphulika kapena akagwiriridwa, chifukwa funso limenelo lidzabwera. Ndipo afunseni abwana anu tsiku limene zotsatira zidzabwerere ku Nchalo, kuti amayiwo akakufunsani muwauze tsiku lenileni.