Galu Wothamanga Sakhuta ndi Nsima Yokha

Funso: Ndili ndi galu wa mtundu wa German Shepherd, wa zaka 2, amene amayendayenda pamunda panga tsiku lonse. Ndimamupatsa nsima yambiri, koma nthiti zake zikuonekerabe. Kodi ndizimudyetsa chiyani? — Mlimi, Katete

Yankho: Bambo, nsima imadzaza mimba, koma galu wogwira ntchito chotere amafuna zakudya zomanga thupi ndiponso mafuta. Muzisakaniza nsimayo ndi nyama yophika, zam'mimba za ng'ombe, mazira owiritsa kapena kapenta, amene muyambe mwamuviika m'madzi kuti mchere uchoke. Dzungu lophika nalonso limathandiza.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi yodyetsera. Mugawe chakudyacho pawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo asathamange atangodya, pakuti agalu a chifuwa chakuya ngati ameneyu mimba yawo imatha kufufuma ndi kupotokola, vuto limene limapha m'maola ochepa.

Musamupatse anyezi kapena mafupa ophika a nkhuku, chifukwa mafupawo amathetheka n'kulasa matumbo. Madzi asasowe m'mbale yake, makamaka kukatentha mu Okutobala. Akapitiriza kuwonda, pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamupatse mankhwala a njoka zam'mimba.