Mabenchi 20 a mumsewu, nanga wolipira ndani achimwene?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wowotcherera zitsulo ku Ndirande. Akuti: "Munthu wina wodziwika wandiuza kuti pali ntchito yoika mabenchi 20 m'masiteji a minibasi ndi malo opumira m'tauni muno, ndiyambiretu kupanga mapepala abwera pambuyo. Benchi imodzi zipangizo zake ndi K180,000 ndipo ndigulitsa K250,000. Ndili ndi K1.6 miliyoni, yotsalayo K2 miliyoni nditenga kwa wakatapila pa 30 peresenti pamwezi. Funso langa, ndipange achitsulo chokhachokha kapena ndiikepo matabwa?"

Achimwene, funso lanu ndiliyankha koma osati pano, chifukwa mwafunsa za matabwa pamene moto uli m'thumba. Kalata ngati iyi ndaiwerenga kambirimbiri, wina mabini, wina mashedi odikirirapo basi, wina zikwangwani, ndipo onse mawu ake ndi omwewa akuti mapepala abwera pambuyo. Mapepala amenewo ine sindinawaonepo atabwera.

Benchi ya mumsewu ndi katundu wovuta chifukwa wokhalapo salipira. Mayi wodikira minibasi pa Ginnery Corner kapena gogo wochokera ku Queens akufuna pokhala inde, koma sakupatsani ngakhale K50. Wolipira ndi mwini malo, ndipo misewu yambiri ya mumzinda muno ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Blantyre, simungangofika pa Chipembere Highway ndi simenti yanu nkuyamba kukumba. Ofesi ya boma ikamagula zinthu imatsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, ndipo amafuna bizinesi yolembetsedwa, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, makotesheni, kenako LPO yosainidwa, chikalata chotsimikiza kuti akupatsani oda. Ndiye munthu wodziwikayo ndi ndani pa zonsezi, amasaina ndi iyeyo? Ngati yankho ndi lakuti amadziwana ndi wosainayo, ndiye kuti mulibe oda, muli ndi nkhani yocheza basi.

Tsono tiyeni ku katapila, ndipo mundikhululukire apa ndichedwapo chifukwa anthu amenewa amandiwawa mtima. Phindu lanu papepala ndi K70,000 pa benchi, kuchulukitsa ka 20 ndi K1.4 miliyoni, zokoma ndithu. Koma 30 peresenti ya K2 miliyoni ndi K600,000 mwezi ulionse. Kupanga mabenchi 20 ndi magetsi athu ozimazimawa tinene mwezi umodzi, kuwaika ndi kupereka invoisi mwezi wina, kudikira cheke tinene mwezi umodzi wokha ngati Mulungu wakukonderani. Miyezi itatu, K1.8 miliyoni yapita kwa wakatapila, phindu lonse latha ndipo mwaonjezerapo K400,000 yanu. Apo ndawerengera wakatapila waulemu amene saika chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake, ndipo wotereyo kaya mumpeza kuti. Iye sanagwire galayinda, sanapse ndi moto wa welding, maso ake ndi abwinobwino, koma wadya kuposa inu. Ndipo chikole mumupatsa chani, si makina owotcherera omwewo? Tsiku lomwe adzabwere kudzanyamula makinawo ndiye mudzadziwa kuti mabenchi 20 sadyeka.

Komanso K180,000 imeneyo ndikuikayikira. Mwalembamo malodi, madisiki odulira, penti, mayunitsi a magetsi, lole yonyamulira kuchoka ku Ndirande, anyamata okumba maenje, simenti? Nanga tsiku lanu la ntchito mwaliika pa zingati? Amisiri ambiri mumadziiwala nokha, mumawerengera chitsulo chokha ngati manja anu ndi aulere. Ndiye pali msonkho umene amadula pa malipiro musanaione nkomwe ndalamayo. Ndipo kumbukirani November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anali atapereka kotesheni sabata yapitayo anakapeza chitsulo mu hardware chili pa mtengo wina. Pa kotesheni iliyonse muzilemba kuti mtengowu ndi wa masiku 14 okha.

Chabwino, za matabwazo tsopano. Chitsulo chokhachokha ayi. Dzuwa la mu October benchi yachitsulo imasanduka chiwaya, palibe angakhalepo masana, komanso usiku ogula zitsulo zakutha ali ndi anyamata awo, chilichonse chomangidwa ndi mabawuti chimapita pa sikelo. Matabwa a paini nawo mvula ziwiri afumbwa, mlombwa ndi wolimba koma mtengo wake mudzalira ndipo wina adzauzula nkukapanga chitseko. Ine ndikanakhala inu miyendo ndikanaumba ya konkire yolemera yoti anthu awiri asanyamule, nkuizika pansi, pokhalapo nkuika timatabwa tokhala ndi mipata kuti madzi a mvula azidutsa, mitu ya mabawuti nkuiwotcherera kuti sipanala isagwire. Kutalika kwa pokhalapo masentimita 45 kuchoka pansi, mukakweza kwambiri agogo miyendo ilendewera. Chitsulo chilichonse chiyambe chalandira red oxide penti isanapite, apo ayi dzimbiri lidzakulengezani chaka chisanathe. Ndipo pitani mukakhale pa siteji ya Mibawa kapena ku Limbe ola limodzi muone mmene anthu amakhalira, ali ndi katundu, mwana kumsana, thumba la ufa, amafuna pomwe pali mthunzi osati pomwe paoneka bwino pachithunzi.

Chimene ndikanachita ndi K1.6 miliyoni yanuyo ndi ichi, pangani mabenchi awiri okha, abwino kwambiri, kumbuyo kotsamira musiye malo olembapo dzina la kampani. Jambulani, yendani nazo zithunzizo m'masukulu apulaiveti, m'matchalitchi, zipatala zing'onozing'ono, malo ochapira magalimoto, malo a maukwati. Amenewa mwini wake mumamuona ndi maso ndipo mutha kumuuza kuti theka la ndalama patsogolo, lotsala tsiku loika. Makampani ofuna kutsatsa malonda ndiye angalipire benchi ya pamsewu, chilolezo cha khonsolo akatenge okha, inu ntchito yanu ikhale kupanga.

Munthu wodziwikayo musakangane naye, muuzeni mwaulemu kuti bwana ndakonzeka, LPO ikangofika ndiyamba mawa lake. Ndalama yotsalayo isakhale m'nyumba, achibale akangomva kuti mwapata ntchito ya mabenchi a tauni yonse mudzayamba kulandira mafoni a fizi ndi feteleza cheke chisanalembedwe nkomwe. Gulaninso kope la K1,000 lolembamo chilichonse chotuluka, ngakhale disiki imodzi, mukadzandilemberanso ndikufuna mudzandiuze mtengo weniweni wa benchi imodzi kuchokera m'kopemo.