Funsani Tikuyankheni: Ndikachirire kwa mzamba kapena kuchipatala?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndine mayi wa zaka 26 ndipo ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, pathupi panga poyamba. Achemwali anga atapita kukachira kuchipatala china anawagoneka chagada nthawi yonse, anawakalipira pomwe ankabuula, kenako anawawonjezera njira osawauza chifukwa chake. Zimenezi zandichititsa mantha, moti ndikufuna kudzachirira kunyumba mothandizidwa ndi mzamba kuti mwana adzabadwe mwachilengedwe. Amuna anga akukana. Kodi akulondola ndani? Ndine Woyembekezera.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi ndi zimene zinawaonekera achemwali anu. Mayi amene ali pa ululu wobereka sayenera kukalipiridwa, ndipo palibe woyenera kucheka thupi lake asanamufotokozere. Mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti mayi aziloledwa kukhala ndi munthu amene wadzisankhira pambali pake, aziyendayenda matenda akayamba, azimwa ndi kudya ngati alibe vuto lina, azibereka atakhala mmene akumvera bwino, ndiponso kuti kuwonjezera njira kusamachitike mwachizolowezi kwa mayi aliyense. Choncho zimene mukulakalakazo ndi zoyenera kuzipeza ngakhale m'chipatala momwemo.

Funso lanu lasiyanitsa mzamba ndi chipatala ngati kuti wina akapezeka winayo palibe, pamene m'mayiko ambiri anthu amene amalandira ana m'chipinda chochirira ndi azamba omwewo, ndipo dokotala amaitanidwa zikavuta. Chofunika kudziwa ndi chakuti mzamba mukumunenayo ndi wotani. Alipo mzamba amene anaphunzira ntchitoyi kwa zaka zingapo ndipo ali ndi chiphaso, mankhwala ndi zipangizo, aliponso amene anangoizolowera chifukwa choonerera akuluakulu. Wachiwiriyu angathe kukhala wachifundo ndi wa manja ofewa, koma tsiku la ngozi alibe chogwira.

Ngozi imene imandidetsa nkhawa koposa ndi kutaya magazi mwana atabadwa kale, yomwe ndi imene imapha amayi obereka ochuluka padziko lapansi. Imabwera pa nthawi yomwe aliyense maso ali pa khanda ndipo akusangalala kuti zatha. Nsengwa ikatuluka, chiberekero chimayenera kukungika kuti chitseke mitsempha yomwe inkadyetsa mwana. N'chifukwa chake mzamba wodziwa ntchito amabaya jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa, amaika dzanja pamimba pansi pa mchombo kuti amve ngati chiberekero chalimba, ndipo amaitembenuza nsengwa m'manja mwake kuti aone ngati palibe kachidutswa kotsalira m'kati. Chiberekero chikakhala chofewa, magazi amangoyenderera. Akafika theka la lita, achipatala amati ngozi yayamba, ndipo mayi amene samathandizidwa angathe kumwalira pasanathe maola awiri. Zikatero pamafunika dripi, mankhwala ena, mwinanso magazi owonjezera kapena opaleshoni, ndipo vutoli limagwera ngakhale mayi amene kusikelo ankamuuza kuti zonse zili bwino.

Sindikunena kuti kuchirira kunyumba ndi kulakwa paliponse. Ku Netherlands amayi ena amachirirabe kunyumba, koma kumeneko mzamba amabwera ndi zipangizo zake, ambulansi imafika msanga ndipo chipatala sichikhala kutali. Kafukufuku wamkulu wa ku England, wotchedwa Birthplace, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anaunika amayi oposa 64,000 omwe analibe vuto lililonse pa nthawi yoyembekezera. Kwa amayi amene anaberekapo kale, kuchirira kunyumba sikunawonjezere chiopsezo kwa mwana. Koma mwa amayi a pathupi poyamba amene anasankha kunyumba, 45 mwa 100 alionse anapita nawo kuchipatala matenda ali m'kati kapena atangochira, ndipo ana omwe anakumana ndi mavuto aakulu anali pafupifupi 9 mwa 1,000, poyerekeza ndi 5 mwa 1,000 obadwira kuchipatala. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti m'zipinda zoyendetsedwa ndi azamba maopaleshoni anali ochepa, popanda kuika ana pachiswe.

Inu pathupi panu ndi poyamba, ndipo palibe amene akudziwa mmene thupi lanu lidzachitire khomo la chiberekero likadzayamba kutseguka mpaka masentimita 10. Apa ndikugwirizana ndi amuna anu: kachirireni m'manja mwa mzamba wophunzira, koma pamalo pamene dokotala, magazi ndi chipinda cha opaleshoni zili pafupi. Ngati kusikelo adzakupezani ndi mapasa, mwana wokhala mopingasa kapena wotsogoza matako, magazi ochepa, shuga, kapena kuthamanga kwa magazi kofika 140/90, ndiye kuti za kunyumba musaziganizirenso n'komwe.

Miyezi iwiri yatsalayi muigwiritse ntchito. Mukapitanso kusikelo mupemphe kuona chipinda chochirira, mufunse ngati amalola wokudikirirani kulowa, ndipo muwauze azambawo mosabisa zimene zinachitikira achemwali anu ndi zomwe inu simukufuna kuti zichitike musanafunsidwe. Amene adzakuperekezeni akhale wolimba mtima, wokhoza kukulankhulirani ululu ukadzakula. Mupemphenso kuti mwana akadzabadwa adzamugoneke pachifuwa panu, mchombo asaudule pasanathe mphindi imodzi, ndipo adzayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Mukonzeretu mayendedwe a usiku, ndipo mukaona magazi, nsupa ikasweka, mutu ukamawawa kwambiri mpaka maso kuchita chidima, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale tsiku lanu lisanakwane.