Kwa amake khanda amene m'buku mwalembedwa "refer"

Amake mwana, ndawerenga funso lanu. Mwati khanda lanu la masabata awiri analiyeza makutu ndi kamakina, m'buku lakuchipatala n'kulemba kuti lakumanja "pass", lakumanzere "refer", ndipo apongozi akuti palibe chobwererako poti mwanayo amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Ine ndikuti bwereraniko, tsiku lomwe anakupatsanilo lisapitirire. Koma mtima ukhale pansi, chifukwa "refer" sindiye kuti mwana ndi wosamva. Akungoti tiyezenso.

Kuyezako amakutcha OAE. Amaika kachinthu kofewa konga kaiyafoni pakhomo pa khutu, ndipo m'kati mwake muli kasipika ndi kamaikolofoni. Kasipika kakalira, timaselo ta m'katikati mwa khutu timagwedezeka n'kubweza kamawu kochepetsetsa, koti inu ndi ine sitingakamve, koma kamaikolofoni kamakatola. Anatulukira kuti khutu limayankha chonchi ndi David Kemp wa ku London, mu 1978. Palibe jakisoni, palibe ululu, mphindi zochepa basi zatha.

Ndiye kamawu kochepa choncho sikachedwa kutsekerezeka. Khanda likangobadwa m'makutu mumatsalira timadzi ndi zoyerayera zija zimamata pakhungu. Likamalira, likamaphiriphitha, kapena m'wodi mukakhala phokoso, makina satola kanthu. Ambiri mwa ana otere akayezedwanso amapezeka ali bwinobwino. Obadwa ndi vuto lenileni losatha amakhala 1 mpaka 3 mwa ana 1,000 alionse.

Za chitsekozo apongozi sakunama, mwanayo akudzidzimukadi. Kungoti khutu limodzi labwino ndi lokwanira kumudzidzimutsa. Komanso mwana amene amamva pang'ono chabe, chitseko amachimva, koma mawu anu mukamamunyengerera pamsana samufika bwino, pomwe kulankhula adzaphunzirira pa mawu amenewo. Zowomba m'manja ndi zogogoda poto musadalire, makanda amaona dzanja ndipo kamphepo kake amakamva pakhungu. Apongoziwo muwafotokozere mwaulemu, ngati n'kotheka mupite nawo akadzionere okha.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi chomwe mwangotchula modutsa, chakuti anagonekedwa ku nazale chifukwa cha chikasu, pansi pa magetsi aja. OAE imayeza khutu lokha, siona ngati mtsempha ukufikitsa mawu ku ubongo. Chikasu chikakula kwambiri chimatha kuvulaza njira yomweyo, mwana n'kulembedwa "pass" vuto lilipo. Choncho ngakhale khutu lakumanjalo musalitenge ngati nkhani yatha. Mukawauze achipatala za chikasucho ndipo mufunse za kuyeza kwina kotchedwa ABR, komwe amamata timawaya pachipumi ndi kuseri kwa makutu mwana ali m'tulo, n'kuona mmene ubongo ukulandirira mawu. Amayi ena amene mukuwerenga, izi zikukhudzanso ana obadwa masiku asanakwane, amene anabanika pobadwa, amene analandira jakisoni wa mankhwala opha tizilombo otchedwa gentamicin, ndi amene kumtundu kwawo kuli obadwa osamva.

Kuno ku Blantyre, ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya zakumva, mukafika mufunse kuti ku audiology ndi kuti. Buku lakuchipatala musaiwale. Mwanayo mumuyamwitse mukatsala pang'ono kulowa kuti agone, thewera likhale louma. Tsikulo musamudzoze Vaseline pachipumi ndi kuseri kwa makutu, timawayato sitimata pamafuta. Ndipo chonde, m'khutumo musathiremo mafuta kapena mkaka wa m'mawere, musatokosenso ndi kathonje poti muchotse zotsekazo. Zimachoka zokha.

Akatswiri amati mwana ayezedwe asanapitirire mwezi umodzi, vuto litsimikizike pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6. Inu mudakali ndi nthawi yabwino. Vuto likapezekadi, timakina tothandiza kumva amatha kuveka ngakhale khanda, ndipo chinenero chamanja banja lonse likhoza kuyamba kuphunzira msanga, m'malo modikira mwana afike zaka zitatu anthu akungoti "bambo akenso anachedwa kulankhula".

Zonse zikatuluka bwino, mudzamuyezetsenso akadzadwala matenda oumitsa khosi, malungo a mu ubongo, kapena khutu likadzayamba kutuluka mafinya, chifukwa kumva kumathanso kuwonongeka mwana atakula kale.